Kapaipi Kamene Ndinatseka

Sendezani mbaulayo pakati, inu a kabaza, kuti nonse muwothe. Mvula iyi siikata msanga, ndipo palibe wokwera amene angatuluke m'nyumba masana ano. Mumandinena kumbali kuti a Sandifolo ndi nkhalamba yovuta, munthu ukabwera kudzapopetsa tayala iwo amayamba ndi kukugwirira tcheni. Ndimamva, makutu anga sanafe. Lero ndikuuzani chifukwa chake, ndipo amene aseke atuluke akanyowe.

Kale kuno kunali bambo wina, a Chikakuda, mlangizi wa ziweto. Ng'ombe zonse kuyambira kuno kumtunda mpaka kumunsi ku Golomoti zinkawadziwa iwowo ndi jakisoni wawo. Anali ndi njinga yamoto yakalekale ya ku Mangalande, yakuda, yolemera ngati ng'ombe, imene anaigula kwa wansembe wina amene ankabwerera kwawo. Njinga imeneyo inkadontha oyilo. Ikaima pa dibi, pa tchalitchi kapena pa maliro, inkasiya kadontho kakuda. Ikamayenda inkalemba mzere wa madontho mumsewu. Anthu anaipatsa dzina loti Chidontho, ndipo mkazi wawo, mayi Nangozo, akafuna kudziwa kumene alowera amuna awo ankangoyang'ana pansi.

Ine nthawi imeneyo n'kuti nditangobwera kuchokera ku Lilongwe ndi pepala langa la umakaniko, matama ali tho. Ndinamanga shedi inoyi n'kuthira simenti pansi. Inali galaja yoyamba kuno yokhala ndi simenti, ndipo mkazi wanga Nankhoma ankaipaka polishi wofiira Loweruka lililonse. Simenti imeneyo ndinkainyadira kuposa ana anga, Mulungu andikhululukire.

Tsiku lina mu Juni a Chikakuda anabwera ndi Chidontho.

"Mabuleki okha, Sandifolo," anatero. "Zina zonse usiye mmene zililimu."

"Nanga kudonthaku, bambo? Ikundiwonongera simenti."

Anagwada pansi, mawondo akulira, n'kundikodola kuti ndione. Anandiloza kapaipi kowonda ngati udzu, kochokera ku thanki ya oyilo, kamene kakamwa kake kanalowa mkati mwa chivindikiro cha tcheni.

"Apa sipobooka ayi," anatero. "Anakapanga dala. Kamadonthezera tcheni oyilo kuti chisaume. Zaka makumi awiri sindinathirepo oyilo pa tcheni ndi manja, njingayi imadzithira yokha. Usakakhudze."

Pakamwa ndinati chabwino bambo, koma mumtima ndinaseka. Kusukulu anatiphunzitsa kuti njinga yodontha ndi njinga yodwala, ndiye nkhalamba yobaya ng'ombe ingandiuze chiyani ine? Njingayo inagona muno. M'mawa ndinapeza oyilo atatambalala pa simenti yanga yofiira, kukula kwake ngati mbale. Mtima unandipsa. Ndinatola kabawuti kakang'ono m'chitini, n'kukalowetsa pakamwa pa kapaipiko, n'kumanga ndi sipanala mpaka kanakana kuzungulira. Ntchito yonseyo sinathe ndi mphindi zisanu zomwe, ndipo sindinauze munthu.

Patapita sabata a Chikakuda anaima pakhomopo osazimitsa injini.

"Sandifolo! Chidontho wasiya kudontha. Chavuta n'chiyani?"

Apa ndi pamene ndikanatulutsa sipanala. Koma panali anthu atatu akudikira njinga zawo, onse akundiyang'ana, ndipo sindinafune kuti aone makaniko wa pepala akudzudzulidwa.

"Ndi chisanu ichi, bambo," ndinatero mokweza. "Oyilo amalimba mu Juni. Kukatentha ayambiranso kudontha."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anagwedeza mutu n'kunyamuka. Njinga ikuchoka ndinamva tcheni chikulira, kwee, kwee, kwee, kulira kwa chitsulo chouma. Iwo sakanamva, makutu awo anali atagontha ndi phokoso la injini yomweyo. Ine ndinamva bwinobwino, ndipo ndinatembenuka n'kulowa mu shedi.

Ndinkadziuza kuti akabweranso ndichotsa kabawutiko iwo akuyang'ana kwina. Koma sanabwerenso. Anayenda masabata atatu m'fumbi la nthawi yachisanu ndi tcheni chouma, ndipo tsiku lina akutsika phiri la Khwekhwerere, pa kona yachitatu, tchenicho chinaduka n'kukulunga tayala lakumbuyo. Tayalalo linaima pomwepo. Anawapeza ndi amayi amene ankakwera ndi madengu a tomato.

Aliyense anati njinga inakalamba. Pa maliro ine ndinanyamula nawo bokosi. Titabwerako kumanda mayi Nangozo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Anthu amene aiona njingayo akuti mabuleki anali abwino. Munawakonzera bwino amuna anga, zikomo." Ndinayankha kuti pepani mayi. Tsiku limenelo chakudya sichinatsike, ndipo anthu ankati Sandifolo ankawakondadi a Chikakuda.

Chidontho anamubweretsa pa ngolo n'kumutsekera m'chipinda chakuseri kwa nyumba yawo. Zaka ziwiri zinadutsa. Munthu amazolowera, anzanga. Ndinayambanso kuseka, ndinanenepa, ndipo masiku ena ankatha osakumbukira n'komwe.

Ndiye mu Seputembala wa chaka chachiwiricho kunabwera Ndaziona, mwana wawo wamkazi. Anali atapeza ntchito ya ulangizi wa zaumoyo kumidzi ya kumunsi, ndipo ankafuna kumatsika m'mawa ndi kukwera madzulo kuti asawasiye okha amayi ake.

"Achimwene," anatero, "mundidzutsire njinga ya abambo. Inu ndi amene mumaidziwa."

Kuiona njingayo sindinkafuna, kuikhudza ndiye ayi.

"Zipangizo zake sizipezekanso, mlongo. Ingoisiyani ipume."

"Tcheni chokha ndi tayala, achimwene."

"Ndati sizipezeka."

Anandiyang'ana modabwa, chifukwa sindinkalankhula choncho ndi anthu. Mawa lake ndinaona Chidontho ali pa lole, akupita ku Boma kwa makaniko wina. Ndinapuma, poganiza kuti nkhani yandichoka. Sindinafune kuganiza kuti makaniko wa ku Boma, wozolowera njinga zatsopano, aika tcheni chatsopano osayang'ana n'komwe kapaipi kobisika.

Zinayamba sabata yotsatira. Nditsegula shedi m'mawa, ndinapeza kadontho kamodzi kakuda pakati pa simenti. Munalibe njinga imene inagona muno. Ndinayang'ana kudenga, malata ouma. Ndinapukuta ndi sanza. Mawa lake kanaliponso, pamalo omwewo, ndipo malowo ndinawazindikira: ndi pamene Chidontho anaima tsiku lija. Ndinakagwira ndi chala. Oyiloyo anali wofunda, ngati wangotuluka mu injini.

Nankhoma anayamba kudandaula. "Inu, mwayamba uve ukalamba uno? Ndikapaka polishi, m'mawa mwadontheza."

"Si ine."

"Nanga ndi ine? Ndimamwa oyilo ine?"

Kenaka kachitini kanga kothirira oyilo, kaja ka mlomo wautali, kanayamba kusowa pa shelefu. Ndinkakapeza pansi, pafupi ndi dontho lija, kataima chilili, mlomo utaloza pakhomo. Ndinakatsekera m'bokosi la zida n'kuika kiyi m'thumba. M'mawa kanali pansi pomwepo, bokosi lili chitsekere.

Izi ndinapirira. Chimene chinandithetsa mphamvu ndi phokoso. Linkabwera masana dzuwa lili paliwombo, nthawi imene msika umakhala zii ndipo agalu agona pansi pa ngolo. Linkayambira kutali, kunjira ya ku Khwekhwerere: kwee, kwee, kwee. Panalibe kulira kwa injini, tcheni chokha, pang'onopang'ono, monga njinga imalirira munthu akamaikankha. Linkakwera msewu, n'kufika pakhomo pa shedi, n'kusiya. Ndikatuluka, msewu uli mbee. Tsiku lina ndinali ndi mphunzitsi wina amene ndinkamumatira chubu. Anatukula mutu n'kunena kuti, "Kukubwera kasitomala wanu, koma tcheni chakecho!" Anadikira, anasuzumira panja, kenaka anandiyang'ana. Sanadikire kuti guluu aume. Ananyamula tayala lake m'manja ndipo sanabwerenso.

Anthu anayamba kuilambalala shedi ino. Ndinkaona akuwoloka msewu akafika pafupi. Ine ndinaonda. Nankhoma anati tipite kwa abusa, ndinakana. Anati nanga kwa asing'anga, ndinakananso. Ndikanakawauza kuti chiyani? Amene amapita kumeneko ndi munthu wosadziwa chimene chikumuvuta, pamene ine ndinkachidziwa mpaka kukula kwa sipanala yake.

Mwezi wa Okutobala unalowa ndi dzuwa loswa mtengo. Lachisanu lina ndinapita kokagula machubu, n'kusiya Nankhoma akuyang'anira shedi. Pobwera ndinamupeza atakhala panja pa dzuwa, chitenje atafunda mpaka kumutu.

"Kunabwera munthu," anatero.

"Ndani?"

"Sindikudziwa. Amakankha njinga, wavala chijasi chamvula kutentha konseku. Anaima apo, dzuwa lili kumsana kwake, ndiye nkhope sindinaione bwino. Ndinati amakaniko achokapo, khalani pa benchi. Sanakhale."

"Anati chiyani?"

"Anangoti, mukamuuze Sandifolo kuti kwatentha tsopano."

Ndinakhala pansi pomwepo.

"Ndinawerama kuti ndimusendezere benchi," anapitiriza Nankhoma, "podzuka palibe munthu. Bambo a ana, amene uja ndani? Ndipo n'chifukwa chiyani akukutchulani dzina ngati mwana wake?"

Ndinkayang'ana pansi. Kuchokera pakhomo pa shedi panali dontho, patsogolo pake lina, patsogolo lina, mzere wowongoka ukutsata msewu. Ndinautsatira ngati munthu wogwidwa pakhosi. Unadutsa pa chigayo, unakhota pa mjigo, n'kukathera pa chipata cha kwa a Chikakuda. Pabwalo panali Chidontho, wotsukidwa, tcheni chatsopano chikunyezimira, Ndaziona akumupukuta ndi kansalu.

"Achimwene!" anandiitana mosangalala. "Mwaiona? Munati sizipezeka. Yabwera dzulo, Lolemba ndiyamba kutsika nayo."

"Tcheni mwathira oyilo?" ndinafunsa.

Anaseka. "Mwaiwala? Abambo ankati njinga iyi imadzithira yokha."

Ndinabwerera osatsanzika. Loweruka lonse ndinalimbana ndi mtima wanga. Tcheni chatsopano sichingaduke tsiku limodzi, ndinkadziuza choncho. Mwina mwezi, mwina miyezi iwiri. Koma phiri ndi lomwe lija, kona yachitatu ili pomwe ija, ndipo mtsikanayo adzatsika tsiku ndi tsiku akukhulupirira mawu a bambo ake. Tsiku limenelo phokoso silinadikire masana. Linayamba m'mawa, ndipo silinathere pakhomo. Linalowa mu shedi n'kumazungulira kumbuyo kwanga, ndikatembenuka lili kumbuyo kwanganso.

Ndiye ndinapeza nzeru, nzeru ya munthu wamantha. Ndinati ndipita ngati wokayendera njinga mwaulere, ndichotse kabawutiko mwakachetechete, ndikaponye m'thumba, nkhani ithere pomwepo popanda wodziwa.

Lamulungu anthu ataweruka ku tchalitchi ndinafika ndi sipanala yanga. Mayi Nangozo anali pakhonde akusola nyemba. Anali atakalamba kwambiri pa zaka ziwiri zokhazo.

"Ndati ndiione pang'ono isanayambe ulendo, mayi."

"Mwachita bwino, bambo. Ndaziona, atulutsire."

Ndinagwada kumbali ya tcheni, n'kupereka msana kwa iwo kuti asaone manja anga. Kabawuti kanali pomwepo, mutu wake wokutidwa ndi fumbi la zaka ziwiri. Ndinaika sipanala n'kukoka. Sikanasunthe. Ndinakokanso ndi mphamvu, sipanala inaterereka n'kundisupula chala. Ndinathira palafini, ndinagogoda, ndinakoka ndi manja awiri. Ine amene ndamasula mabawuti a mathirakitala odyedwa ndi dzimbiri, kanthu kochepa ngati njere ya chimanga kanandikanika.

Pamenepo ndinamva kwee, kwee, kuseri kwa mpanda. Phokosolo linalowa pa chipata. Nkhuku zimene zinkapalasa pabwalo zinabalalika, ndipo galu wawo, amene sankalola mlendo, anadzuka n'kuyamba kugwedeza mchira akuyang'ana pamalo popanda munthu. Phokosolo linafika kumbuyo kwanga n'kusiya. Ndinamva fungo la mankhwala a dibi ndi chijasi chamvula chotenthedwa ndi dzuwa. Mthunzi unagwa pa manja anga. Sindinatembenuke, ndipo mpaka lero ndimathokoza kuti sindinatembenuke.

Nyemba zinasiya kulira m'lichero.

"A Sandifolo," anatero mayi Nangozo, mawu ali pansipansi, "mukulimbana ndi chiyani pamenepo?"

"Kabawuti, mayi."

"Ka chiyani?"

Ndaziona anawerama pambali panga. "Koma apa si pa kapaipi ka oyilo? Katsekedwa bwanji? Wa ku Boma uja ndi amene waika?"

Njira inali yotseguka. Ndikanangoti eya, ndi wa ku Boma, anyamata a masiku ano sadziwa ntchito. Pakamwa panga panali patatseguka kale kuti ndinene zomwezo. Mthunzi uja unasendera pafupi, ndipo khosi langa linazizira ngati wandithira madzi a mumtsuko.

"Ndinaika ndine," ndinatero. "Tsiku limene ndinakonza mabuleki. Anandiletsa, koma inkandidetsera simenti. Atabwera kudzafunsa ndinawanamiza kuti ndi chisanu. Tcheni ndinachimva chikulira, ndipo ndinawasiya apite. Njinga sinakalambe, mayi. Ndinawapha ndine bambo."

Ndaziona anabwerera m'mbuyo, manja ali pakamwa. Ine ndinali chigwadire, dzanja lili pa kabawutiko, ndipo ndinamva kakusuntha. Sipanala inali pansi. Ndinakazungulitsa ndi zala ziwiri zokha, kanatuluka mofewa n'kugwera m'dzanja langa. Tonse tinayang'ana kakamwa ka kapaipi. Panatuluka dontho limodzi lakuda, linalendewera, n'kugwera pa tcheni. Mthunzi unachoka pa manja anga, ndipo galu anagonanso.

Ndinkadikira kuti mayi Nangozo akuwe, aitane anthu, andigende ndi lichero. Ndikanakonda zimenezo. Iwo anangoyang'ana dontho lachiwiri likugwa, kenaka analankhula ngati akunena za mvula ya chaka chatha.

"Masabata atatu amene aja ankayala nyuzipepala pansi pa njingayi madzulo aliwonse. M'mawa ankaiona, youma. Tsiku lomalizalo ndinawauza kuti bambo, bwanji mungothira oyilo ndi manja, kapena mupite kwa makaniko wina? Anandiyankha kuti ayi, Sandifolo wati ndi chisanu. Mwana uja anapita kusukulu, sangandinamize."

Anatola lichero lawo n'kulowa m'nyumba. Chitseko sanachimenyetse, anangochitseka bwinobwino.

Kuyambira tsiku limenelo phokoso silinabwerenso, kachitini kanakhala pa shelefu, ndipo simenti inkacha youma. Mayi Nangozo sanauze munthu, koma anakhala zaka zisanu ndi chimodzi osandipatsanso moni, ndipo pa maliro awo Ndaziona anatuma uthenga kuti bokosi ndisalikhudze. Iye anatsika ndi kukwera Khwekhwerere zaka khumi ndi Chidontho, osagwa ngakhale kamodzi. Ankadutsa pakhomo pano m'mawa uliwonse osayang'ana kuno, n'kundisiyira mzere wa madontho mumsewu. Ndinkatuluka kukawaona, ndipo ndikawapeza ndi pamene tiyi ankatsika.

Polishi ndinamuletsa Nankhoma chaka chomwecho, n'chifukwa chake mukuona pansi pano pali bii. Kabawutiko ndi aka, kamakhala m'thumba la ovolosi. Kagwireni, musaope, sikaluma. Mukuona kuchepa kwake?

Mvula yakata. Nyamukani, okwera ayamba kutuluka. Koma iwe wa jekete yofiira, khala kaye. Tcheni chako ndinachimva uli pa chigayo, ndipo sutuluka nacho pano chikulira choncho.